Mchere wa Abelardo Fasabi

Mayi Delmira Urquía sanayambe ndi nyimbo ngati asing'anga anzawo. Iwo anayamba ndi manja. Anabadwira kumtunda kwa mtsinje wa Pisqui, ndipo pofika zaka khumi ndi ziwiri ankatha kale kubwezera phewa la msodzi m'malo mwake likaguluka. Anawaphunzitsa ndi bambo awo, munthu wouma pakamwa, amene ankangogwira dzanja la mwanayo, kuliika pamsana pa wodwala, n'kunena kuti, "Tamvera." Maphunziro onse anali omwewo.

Ayawasika, mankhwala akumwa a asing'anga a kuno, anadzamwa atakula, mtengo utagwera amuna awo kunkhalango kocheka matabwa. Maliro atatha, nsagwada za mayi Delmira zinauma gwa. Chaka chathunthu ankangomwa phala la nthochi, kulilowetsa pakati pa mano. Nkhalamba ina ya ku Contamana ndi imene inawamwetsa madzi owawa aja n'kuwaimbira. Anasanza, ananjenjemera thupi lonse, kenako anakuwa mfuu imene inakanika kutuluka tsiku limene anaona mtembo. Kutacha anatafuna chinangwa. Anakhala kwa nkhalambayo zaka ziwiri akuphunzira, ndipo kuyambira pamenepo ankanena kuti zimene pakamwa pakana kunena thupi limasunga, wina pakhosi, wina m'chiuno, wina pansi pa nthiti. Mankhwala amangofewetsa, ankatero, koma chotulutsa ndi dzanja.

Kachitidwe kawo sikanasinthe zaka makumi atatu. Wodwala mantha amamuika m'kanyumba kayekha masiku khumi ndi anayi. Mchere ayi, mafuta ayi, tsabola ayi, sopo ayi, za m'banja ayi. Chakudya ndi nthochi yaiwisi yowiritsa ndi kansomba kowotcha kopanda kanthu. Katatu kapena kanayi amamumwetsa ayawasika, ndipo m'mawa mwake, thupi lidakali lofewa, amamutikita. M'masiku amenewo munthu amatseguka. Galu akauwa patali iye amadzidzimuka, fungo la petulo limamusanzitsa, mawu okalipa amamulowa mpaka m'mafupa. N'chifukwa chake tsiku lomaliza ndilo lalikulu. Amene anamutsegula uja amamuika mchere palilime ndi chala chake, amamuuzira utsi wa fodya paliwombo, m'manja ndi kumapazi, amamuimbira nyimbo yotsekera, apo ndiye angabwerere kwa anthu. Izi aliyense wa kuno amazidziwa, ngakhale zidakwa za padoko. Chimene mayi Delmira ankawonjezera n'chakuti nawonso ankasala mchere pamodzi ndi wodwalayo, tsiku loyamba mpaka lomaliza.

"Ndingadziwe bwanji pamene wafika, ine ndikunyambita nkhuku yokazinga?" ankatero.

Mwana wobereka okha analibe. Anali ndi Luzdina, mwana wa mng'ono wawo amene anamwalira ndi malungo khandalo likuyamwa. Chifukwa cha Luzdina anasamukira kuno ku Yarinacocha, kufupi ndi sukulu, ndipo chifukwa cha Luzdina anathera maso popeta nsalu ndi singano zogulitsa kwa alendo. Ife oyandikana nawo tinkawaona akumuperekeza kusukulu pamvula, atamufunditsa pulasitiki, iwo eni akunyowa mpaka zamkati. Mtsikanayo anali ndi mutu, tisaname. Anapita ku yunivesite ku Lima n'kubwerako ali katswiri wa za maganizo, chikwama chili tho ndi mabuku.

"Amayi, madokotala akunja atulukira kuti mantha amakhala m'thupi," anatero tsiku lina akuwaonetsa chithunzi cha minyewa ya munthu.

"Atulukira liti?"

"Posachedwapa."

"Iii, achita bwino. Ukawauze kuti takondwa."

Anaseka onse awiri mpaka misozi.

Patapita zaka, Luzdina ndi dokotala wina mnzake wa ku Lima anamanga malo ochiritsira anthu m'mbali mwa msewu wa ku Campo Verde, tinyumba khumi ndi tiwiri m'mphepete mwa nkhalango ndi chinyumba chimodzi chozungulira chomweramo mankhwala. Alendo ankachokera kutsidya kwa nyanja: asilikali opuma, amayi ogwiriridwa, anthu osaona tulo. Luzdina ankakhala nawo masana, kuwaphunzitsa kupuma pang'onopang'ono ndi kumva kuti mapazi awo aponda pansi. Mayi Delmira ankamwetsa, kuimba ndi kutikita. Ntchito inkayenda, ndipo anthu ankachira ndithu. Kumsika mayiwo sankatha mphindi zisanu osatchula dzina la Luzdina, mpaka ogulitsa nsomba anatopa nawo.

Mayi Delmira anakumana ndi Abelardo Fasabi pa njinga yake yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu. Iye anawatenga kumsika, ndipo pa mphambano iliyonse ankatembenuka thupi lonse, mapewa ndi chiuno chomwe, kuti aone kumanja.

"Khosi linatani, mwanawe?"

"Ndinabadwa choncho, mayi."

"Wanama. Khosi limenelo lili ndi tsiku lake."

Abelardo anangopitiriza kuyendetsa njinga yake. Koma Lamlungu lake kunabwera mkazi wake Orfelinda, mayi wamfupi wa pakamwa pachangu. Anafotokoza kuti mwamuna wake anali msilikali ali mnyamata, kumapiri a ku Huallaga nthawi ya nkhondo ija, ndipo zaka makumi atatu sanaikepo msana pamphasa. Tulo amagona atakhala, atatsamira khoma. Pa chikondwerero cha San Juan ana akaphulitsa makombola, bambo wamkulu wa ana anayi amalowa pansi pa tebulo.

"Koma ndi munthu wabwino, mayi. Samenya, samwa. Mundibwezere ali bwino, ndilibenso wina."

"Ndikubwezera," anatero mayi Delmira.

Kunyumba kwa mayi Delmira sikukanatheka, mawailesi athu salekeza. Anapempha Luzdina kanyumba kamodzi. Unali mwezi wa Malichi, mvula ili mkati, tinyumba tambiri tili topanda anthu. Luzdina anayamba wayang'ana pafoni kanthawi, kenako anati, "Alowe m'kachisanu ndi chiwiri, amayi."

Masiku oyamba Abelardo anali mwala. Kumwa koyamba anangosanza basi, n'kunena kuti waona nyerere. Pomutikita ankaluma mano, thukuta lili kamukamu, koma nthabwala osasiya.

"Mayi, zala zanuzi mukanapita nazo kwa omata matayala."

"Khala chete, msilikali iwe. Tayala silinama ngati iwe."

"Lero ndalota nyama ya nkhumba yowamba, ya mchere wambiri."

"Ukanandigawirako. Ukuyesa ukuvutika wekha?"

Abelardo anawayang'ana modabwa. Sankadziwa kuti nkhalambayo nayonso ikudya nthochi zomwezo, ndipo kuyambira tsiku limenelo nthabwala zinachepa.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi, lomwe linali Lolemba, atamwa kachitatu dzulo lake, anamugoneka pamphasa n'kuika chala chachikulu pansi pa khutu lake lamanja. Sanakanikize, anangodikira. Miyendo ya Abelardo inayamba kugwedezeka. Kenako inayamba kuthamanga, zidendene zikukhula mphasa, munthu ali chigonere.

"Isiye ithamange," anatero mayiwo. "Yadikira zaka zambiri."

Mawu anatuluka pambuyo pake. Adani anawabisalira pamlatho, anatero. Mnzake Marcial anamugwera pamwamba chipolopolo chitamupeza, nkhope yake ili apa, kumanja. Adaniwo ankayendayenda pakati pa mitembo kufuna amene akupumabe, ndipo iye anagona pansi pa Marcial kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, atapotolera mutu kumanzere kuti asaone maso aja. Akunena zimenezi khosi linasuntha. Pang'ono chabe, koma linasuntha lokha kupita kumanja. Abelardo analira mokweza, atagwira mpendero wa siketi yawo.

"Musandisiye chonchi, mayi. Ndikumva ngati mwandisenda khungu. Chilichonse chikundilowa."

"Ndikusiye ndipite kuti? Ndakutsegula ndine, ndipo ndidzakutseka ndine, ndi chala ichi. Kwatsala masiku asanu."

Masana a tsiku lomwelo Luzdina anabwera ndi tikiti ya ndege.

"Amayi, ku Lima kuli msonkhano waukulu wa madokotala. Akufuna inuyo, osati ine. Mukawauze nokha za manja anu."

"Ndili ndi munthu wotseguka."

"Masiku awiri okha. Mawa ndi mkuja ndi masiku opumula, mumatero nokha, simumwetsa, simutikita. Lachinayi mwabwera. Nthochi zake ndiwiritsa ndekha. Kapena simundikhulupirira? Munandilera ndinu."

Tinene zoona, pakuti iwo eni sabisa: ankafuna kupita. Ndege anali asanakwerepo. Zaka zonsezi amayi a m'tauni ankawatcha mfiti kuseri, n'kumabwera mozemba ana awo akadwala, ndipo tsopano madokotala a ku Lima akuti akhala pansi kuwamvetsera. Ndani akanakana, abale? Polongedza anatenga kaliwo wawo ndi kansupa kawo ka mchere wotsekera, kamene kanali kasanachokepo m'thumba mwawo.

"Kameneko siyani," anatero Luzdina. "Ufa woyera m'kansupa pabwalo la ndege? Akumangani, amayi. Ndikusungirani."

Anaseka n'kumupatsa. Anapita ku kanyumba kukatsanzika, koma anapeza Abelardo ali m'tulo, atagona chagada pamphasa, pakamwa pali yasa. Kumudzutsa munthu amene waika msana pansi koyamba pa zaka makumi atatu? Anabwerera chonyang'ama n'kuuza Luzdina kuti akadzuka amuuze kuti abwera Lachinayi.

Ku Lima kunali kozizira, kumwamba kotuwa tsiku lonse. Anavala siketi yawo yabwino kwambiri, analankhula mphindi khumi, ndipo anthu anaimirira n'kuwomba m'manja, ena akupukuta misozi. Zinawakomera, asanamize munthu. Pa phwando matebulo anadzaza nsomba za mandimu ndi nyama zonunkhira, iwo anapempha mbatata yowiritsa yopanda mchere, operekera zakudya n'kumayang'anana. Lachinayi m'mawa anakhala pabedi chikwama chili pamiyendo. Dokotala wachitsikana amene ankawayendetsa anadabwa.

"Mukupita kuti, mayi? Tikiti yanu ndi ya Loweruka. Inagulidwa choncho."

Kuwerenga kunkawavuta, ndipo tikitiyo anali asanaiyang'ane n'komwe. Anaimbira Luzdina kasanu, foni inkangoitana. Anadziuza kuti mwina mwanayo analakwitsa tsiku, munthu wotanganidwa. Masiku awiri otsatirawo anawazungulitsa m'zipatala ndi kuwajambula zithunzi, iwo akumwetulira, mtima uli m'mwamba.

Loweruka cham'mawa anatsika galimoto n'kulunjika ku kanyumba kachisanu ndi chiwiri, chikwama chidakali m'manja. Pakhonde panakhala mzungu wamkazi wamtali, akulemba m'kope, akununkha mankhwala a udzudzu. Anawamwetulira n'kuika manja pachifuwa. Tinyumba tonse khumi ndi tiwiri tinali ndi matawulo pazingwe.

Mayi Delmira anamupeza Luzdina kukhitchini.

"Munthu wanga ali kuti?"

"Amayi, khalani pansi kaye, mumwe madzi."

"Ndati munthu wanga ali kuti?"

"Kwawo. Anapita Lachitatu." Luzdina ankalankhula ndi mawu ake a kuntchito aja, ofatsa, amene amalankhulira odwala. "Gulu ili ndi la anthu khumi ndi awiri, tinyumba ndi khumi ndi tiwiri. Achokera kutali, amayi, nawonso ndi odwala. Ndikanawabweza?"

"Unadziwa liti kuti akubwera?"

Luzdina anatsegula mpopi n'kuutsekanso.

"Luzdina!"

"Mu Januwale. Ndinkaganiza kuti wina asintha maganizo, amasintha kawirikawiri. Onse atatsimikiza, ndinadziwa kuti inu simulola."

"Ndiye unandikweza ndege."

"Msonkhanowo unalipodi."

"Anamutseka ndani?"

"Ndine. Ndakuonani mukuchita kambirimbiri. Ndinamuika mchere palilime, wa m'kansupa kanu komwe. Ndinamupatsanso pepala la kapumidwe ndi nambala yanga."

"Fodya?"

"Mukudziwa chifuwa changa."

"Nyimbo?"

"Amayi..."

"Nanga anavomera bwanji? Ndinamuuza kuti chala ndi changa."

Luzdina anayang'ana mphika. "Ndinamuuza kuti mwandituma. Kuti mwaona kuti wachira, masiku otsalawo ndi osafunika." Kenako anakweza mutu ngati munthu amene watopa ndi zachibwana. "Mchere ndi mchere, amayi. Thupi silidziwa kuti chala ndi cha ndani."

Ha! Mawu amenewo ndi amene anawatha. Za tikiti akanakhululuka, za kansupa akanayesa. Koma mwana amene anamubereka kumsana m'matope a Pisqui, amene anakula akugona pafupi ndi mphasa yotikitirapo, anali akuwayang'ana zaka zonsezi n'kumaona nkhalamba yosewera ndi mchere. Nyimbo zawo zinali zosangalatsira alendo, siketi yawo inali ya pazithunzi. Mayi Delmira anamva manyazi otentha, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni chimene sanadziwe pochiika. Sanakalipe, ngakhale ndi munthu wodziwa kukalipa. Anangotambasula dzanja. Luzdina anatulutsa kansupa m'thumba la diresi, iwo anakatenga n'kutuluka, ndipo malo amenewo sanapondekonso mpaka lero.

Orfelinda anawaona akubwera n'kuima pakhomo, manja m'chiuno.

"Mwabwera kudzaona ntchito yanu?"

"Ali kuti?"

"Lachinayi tayala la lole linaphulika apa pamsewu. Munthu anadumpha panjinga ikuyenda, ali ndi mayi wapakati kumbuyo, n'kukalowa m'ngalande ya zonyansa. Tinamutulutsa anthu anayi. Mdzukulu wake akalira iye akubisa mutu. Dzulo wandikankha ine, ineyo, munthu woti sanandimenyepo chikwatirane! Akuti pakati pa anthu sangakhale, atipweteka. Wapita kudoko, akukwera boti la ocheka matabwa a ku Tamaya. Ndinakupatsani wopindika khosi, inde, koma ankadya nafe patebulo."

Padoko dzuwa linali pamutu, fungo la nsomba ndi dizilo lili ponseponse. Anamupeza atakhala pa matumba a mpunga kutsogolo kwa boti, m'makutu atatsekamo thonje. Anali ataonda, maso atalowa. Mayi Delmira anatsikira m'matope mpaka mu akakolo n'kugwira m'mphepete mwa boti.

"Abelardo, mwana wanga, tsika. Sunatsekedwe. Tikayambirenso kwa ine, kapena ndikutseke pompano, fodya ndili naye."

Anachotsa thonje limodzi. "Paja ndinachira, mayi. Munatero ndinu."

"Sindinanene zimenezo."

"Kansupa kanali kanu. Ndinakazindikira."

"Kansupa ndi kanga, mawu si anga. Sindinatume munthu."

Amuna onyamula katundu anali atasiya ntchito n'kumamvetsera, ndipo ena mwa iwo ankawadziwa mayi aja otama mwana wawo kumsika.

"Ndiye mwana wanu ndi wabodza?"

Chibadwire cha mtsikanayo mayi Delmira anali asanamunenerepo choipa kwa munthu aliyense.

"Ndi wabodza," anatero.

Abelardo ankaoneka kuti wakhulupirira, ndipo mtima wa mayi Delmira unayamba kutsika.

"Nditadzuka tsiku lija ndinakuitanani," anatero iye. "Ndinaitana mpaka mawu kusasa. Inu munali kuti?"

Akanatha kunena kuti anadwala, kapena kuti kumudzi kunagwa maliro. Koma mabodza anali atakwana.

"Ku Lima."

"Kukatani?"

"Kukauza madokotala mmene ndimasamalira odwala anga."

"Anawomba m'manja?"

"Anawomba."

"Chabwino, mayi."

Anabwezera thonje m'khutu. Woyendetsa boti analiza injini, ndipo munthu wina anawapempha mwaulemu kuti achotse dzanja pa boti.